Mawu a Chingerezi Ofotokozera Chifuwa ndi Chimfine kwa Namwino

Mwezi wa Juni ukalowa, chisanu n'kuyamba kuluma m'madimba, ndi makomo owerengeka okha amene simumveka munthu akutsokomola. Ndiyo nyengo imene tikutonola chimanga, fumbi la m'nkhokwe lili koboo, ndipo usiku timagona mothithikana, mazenera onse atatsekedwa. Chimfine chimaikonda nyengo yotereyi. Kawirikawiri chimatha chokha pakapita sabata imodzi kapena masiku 10. Koma nthawi zina chimene tikuchiyesa chimfine wamba chimakhala fuluwenza, kapena COVID-19, kapenanso chiyambi cha chibayo, ndipo zikatero thandizo limene wodwala alandire limadalira kwambiri mmene iye mwini wafotokozera zowawa zake. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Namwino ali nazo zipangizo zoyezera, koma zimene zikuchitika m'kati mwa thupi lanu amayamba wazimva pakamwa panu.

Vuto lake n'lakuti si nthawi zonse pamene wodwala ndi namwino amakhala a chilankhulo chimodzi. Muno m'Zambia Chingerezi ndicho chilankhulo cha boma, ndipo ogwira ntchito za umoyo amatumizidwa kulikonse. Wobadwira ku Mongu kapena ku Kasama angathe kupezeka pa kiliniki ya kumudzi ku Katete kapena ku Chadiza. Ambiri a iwo amayesetsa ndithu kulankhula Chinyanja, koma nthawi zambiri chimakhala cha m'tauni chimene anachitola ku Lusaka, ndipo mawu onga kubanika, litsipa kapena makhololo angathe kuwadutsa. Makadi a kuchipatala, timapepala ta m'mabokosi a mankhwala ndi zikwangwani zambiri za pakhoma zimalembedwa m'Chingerezi. Tiwonjezepo kuti ophunzira athu ena akamaliza maphunziro pano amakapeza ntchito m'mafamu akuluakulu a ku Mkushi, ku Chisamba ndi ku Mazabuka, kumene Chichewa cha kwathu sichimveka kwa aliyense. Munthu wotere akakhala ndi mawu 20 kapena 30 a Chingerezi onena za matendawa, ali ndi chida chimene tsiku lina chidzamuthandiza iye kapena mwana wake.

Komatu kuloweza mndandanda wa mawu, uku la Chingerezi uku la Chichewa, sikokwanira. Zilankhulo ziwirizi sizigawa thupi la munthu ndi zowawa zake mofanana. Pali malo pamene ife tili ndi liwu limodzi, Chingerezi chili ndi mawu atatu kapena anayi, ndipo m'malo amenewo ndi mmene wodwala ndi namwino amataikirana, aliyense akuganiza kuti wamumva mnzake.

Chifuwa, malungo ndi chimfine

Tiyambe ndi liwu lakuti chifuwa. Kwa ife chifuwa ndi chiwalo cha thupi, ndiponso ndi matenda. Munthu akati ali ndi chifuwa, tonse timamva kuti akutsokomola. M'Chingerezi chiwalocho ndi "chest", pamene kutsokomola, kapena kukhosomola monga ena amanenera, ndi "cough", liwu lolembedwa modabwitsa koma lotchulidwa mwachidule ngati "kof". Wotembenuza mawu ake mwachindunji nati "I have a chest" wangouza namwino kuti ali ndi chiwalo chimene munthu aliyense ali nacho. Zoyenera kunena ndi "I have a cough" kapena "I am coughing". Ngati chimene chikuwawa ndi chifuwa chenichenicho, mawu ake ndi "chest pain", ndipo mawu awiriwa ngolemera. Namwino akawamva maganizo ake amathamangira ku chibayo ndi ku mtima, choncho tisawanene pamene tikungotanthauza kutsokomola, ndiponso tisawabise pamene kuwawako kulipodi.

Mukati "cough", funso lotsatira limakhala lakuti ndi chifuwa chotani. Chouma, chongokanda pakhosi, ndi "dry cough". Chotulutsa makhololo ndi "wet cough", ndipo madokotala amachitcha "productive cough". Ife alimi liwu lakuti "productive" timalidziwa ngati lotamanda ng'ombe ya mkaka wambiri kapena munda wobereka bwino, koma kuchipatala silitamanda kanthu, limangonena kuti pali zotuluka. Makhololowo ndi "phlegm", amene amatchulidwa ngati "flem", ndipo akaikidwa m'kabotolo kuti akayezedwe amatchedwa "sputum". Ngati muli magazi, nenani "there is blood in my sputum", musadikire kufunsidwa. Ndipo chifuwa chikafika sabata ziwiri osatha, chimenecho sichiyeneranso kuwerengedwa ngati chimfine. Pamafunika kuyezetsa chifuwa chachikulu cha TB, ndipo m'zipatala za boma kuyeza ndi mankhwala ake n'zaulere.

Liwu lachiwiri, limene ndikuliona kuti ndilo loopsa koposa, ndi malungo. Makolo athu ankatcha malungo kutentha thupi kulikonse kodza ndi kuphwanya m'mfundo. Pambuyo pake liwu lomwelo linakhala dzina la matenda obwera ndi udzudzu. Lero munthu thupi likangotentha amafika pa kiliniki atadziyeza kale, nati "I have malaria". Koma "malaria" ndi dzina la matenda, ndipo wodziwa ngati alipo ndi amene wayeza magazi. Chimene wodwala akuchimva ndi kutentha thupi, ndipo kumeneko ndi "fever". Thupi la munthu wabwinobwino limakhala pa madigiri pafupifupi 37, ndipo likafika 38 kapena kupitirira ndiye "fever". Namwino akafunsa kuti "do you have a temperature?" akufunsa za zomwezo. Kuzizidwa kumene kumadza pamodzi ndi kutentha thupi, munthu n'kumafuna bulangete dzuwa likuswa mtengo, ndi "chills", ndipo kunjenjemera ndi "shivering".

N'chifukwa chiyani kusiyanitsa kumeneku kuli kofunika? Malungo, fuluwenza ndi COVID-19 zonse zimayamba mofanana: thupi kutentha, mutu kuwawa, kuphwanya m'thupi. Kuno ku chigawo cha Kum'mawa, kumene udzudzu sutisowa, ndi bwino ndithu kuti wotentha thupi aliyense ayezedwe malungo, ndipo kachipangizo koyezera dontho la magazi a pachala kamapereka yankho m'mphindi 15 kapena 20. Koma kakasonyeza kuti malungo palibe, tisaumirire kuti atipatse Coartem, kapena kupita kukagula tokha pa sitolo. Mankhwala amenewo sachita kanthu pa fuluwenza, ndipo pamene tikuwamwa tikudzinamiza kuti tikuchira, chibayo chimakhala chikukhazikika m'mapapo. Munthu amene wanena kuti "I have a fever and a dry cough" wamupatsa namwino njira ziwiri zoti aziyang'ane. Amene wangoti "malaria" wamulozera njira imodzi, mwina yolakwika. Tisaiwalenso kuti n'zotheka kudwala zonse ziwiri nthawi imodzi.

Chimfine nacho chili ndi mayina awiri. Chimfine wamba, cha mamina ndi kuyetsemula, chimene munthu amadwala akupitabe kudimba, ndi "a cold". Apa pali msampha waung'ono, pakuti "cold" ndi liwunso la kuzizira. "I am cold" ndiye kuti ndikumva kuzizira, pamene "I have a cold" ndiye kuti ndili ndi chimfine. Dzina lachiwiri ndi "flu", chidule cha "influenza". Muno m'Zambia tinazolowera kutcha "flu" mamina alionse, koma kwa a zaumoyo fuluwenza ndi matenda ena, oyambitsidwa ndi kachirombo kena. Amagwira mwadzidzidzi, munthu amene anadzuka bwino m'mawa n'kupezeka madzulo ali gone, thupi lili moto, mfundo zonse zikuphwanya. Kwa okalamba, amayi oyembekezera, ana aang'ono ndi amene ali ndi matenda ena kale, fuluwenza imapha. Mliri wake wa mu 1918 unapha anthu mamiliyoni ambirimbiri pa dziko lapansi, ndipo unafika ndi kuno komwe, dziko lino likutchedwa Northern Rhodesia.

Mawu otsala a gulu limeneli ngosavuta. Mamina akamangotuluka ndi "runny nose", mphuno zikatsekeka ndi "blocked nose", kuyetsemula ndi "sneezing", mutu kuwawa kapena litsipa ndi "headache", kuphwanya m'thupi ndi "body aches", ndipo "ache" amatchulidwa ngati "eik". Zilonda zapakhosi ndi "sore throat", ngakhale palibe chilonda chooneka. Kufooka kwa matenda, kumene sikutha ngakhale munthu atagona usiku wonse, ndi "fatigue", ndipo kumasiyana ndi "tired", kutopa kwa munthu amene wachokera kumunda. Mseru ndi "nausea", kusanza ndi "vomiting", chizungulire ndi "dizziness", kutsekula m'mimba ndi "diarrhoea". Namwino akatchula "stool" sakunena za kampando ayi, akufunsa za chimbudzi chanu.

Liwu lakuti kumva

M'chilankhulo chathu timamva ndi makutu, timamva fungo, timamva kukoma kwa ndiwo, timamva kuwawa, ndiponso timamva zimene mphunzitsi wafotokoza. Ndi liwu limodzi logwira ntchito zisanu, ndipo ife silitisokoneza. Chingerezi chili ndi liwu lakelake pa ntchito iliyonse: "hear" la makutu, "smell" la mphuno, "taste" la lilime, "feel" la thupi, "understand" la nzeru. Poti kusukulu tinaphunzira kuti kumva ndi "hear", ambiri timalitenga liwu limeneli n'kuliika paliponse.

Kale kusokoneza kumeneku kunali kongoseketsa. Chinasintha zinthu ndi COVID-19, matenda amene anayamba kudziwika ku Wuhan m'dziko la China mu Disembala 2019, ndipo anthu oyamba kupezeka nawo muno m'Zambia analengezedwa pa 18 Marichi 2020. Chimodzi mwa zizindikiro zimene zinkawasiyanitsa ndi chimfine wamba, makamaka m'zaka zake zoyambirira, chinali chakuti munthu ankasiya mwadzidzidzi kumva fungo ndi kukoma kwa chakudya, mphuno zili zosatsekeka. Taganizani tsono mayi amene wazindikira kuti sakumva fungo la utsi kukhitchini, ndipo ndiwo zonse zikungokhala ngati madzi m'kamwa. Afika kwa namwino nati "I cannot hear". Namwino atenga kachipangizo kake n'kuyamba kuyang'ana m'makutu, ndipo chizindikiro chimene chikanamuchititsa kuyeza COVID-19 chatayika. Mawu oyenera ndi "I cannot smell" ndi "I cannot taste food". Pa zikwangwani mudzaona zitalembedwa kuti "loss of smell" ndi "loss of taste". Izi n'zosiyananso ndi "loss of appetite", kumene ndi kusafuna kudya. Wina angathe kumva kukoma koma chakudya osachifuna, wina angathe kukhala ndi njala koma osamva kukoma.

Mawu a kupuma

Ngati wina alibe nthawi yophunzira mawu onsewa, aphunzire a ndime inoyi, chifukwa ndiwo amachititsa kuti wodwala achotsedwe pa mzere n'kuonedwa msanga. Kupuma ndi "breathe", mpweya umene munthu wakoka ndi "breath". Kubanika, kapena befu, kumene munthu amakoka mpweya koma osakwanira, ndi "shortness of breath" kapena "difficulty in breathing". Liwu lakuti "short" pano silinena za msinkhu, likunena za kuperewera. Chiganizo chachifupi chimene namwino aliyense amachimva msanga ndi "I cannot breathe well". Chifuwa chikamakhala ngati chamangidwa ndi chingwe ndi "tight chest", ndipo chikamalira ngati kamluzu popuma ndi "wheezing", monga zimachitikira kwa odwala mphumu, imene ndi "asthma". Tichenjerenso kuti kupuma kwathu kuli pawiri, kukoka mpweya ndi kupumula pa ntchito. Kupumula ndi "rest". Wonena kuti "I cannot rest" amamveka ngati akudandaula za kusowa tulo.

Munthu wamkulu akakhala phee amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi imodzi. Ana amapuma mofulumirirapo, ndipo popeza khanda silingathe kunena kuti likubanika, mayi kapena bambo ndiye ayenera kuwerenga, mwanayo ali chete osalira. Khanda losakwana miyezi iwiri likamapuma ka 60 kapena kuposa pa mphindi, la miyezi iwiri mpaka 11 likafika ka 50, mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu akafika ka 40, kumeneko ndi "fast breathing", chizindikiro cha chibayo. Ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati pamene mwana akukoka mpweya, a zaumoyo amati "chest indrawing", ndipo mwana wotere sayenera kugona kunyumba. Chibayo ndi "pneumonia", ndipo "p" woyambayo satchulidwa, timangoti "nyumoniya". Ambiri tinalimva liwuli pa wailesi mu Juni 2021, pamene kunalengezedwa kuti a Kenneth Kaunda akulandira chithandizo cha matenda amenewa, masiku ochepa asanatisiye pa 17 Juni ali ndi zaka 97.

Miyezi yomweyo ya Juni ndi Julayi 2021 ndi imene COVID-19 inatisautsa kwambiri m'dziko muno, ndipo ndi pamene anthu wamba anaphunzira liwu lakuti "oxygen". Kachipangizo kamene amakapanitsa pa chala kamayeza kuchuluka kwa mpweya umenewu m'magazi. Kwa munthu wabwinobwino kamasonyeza 95 mpaka 100. Kakatsika pansi pa 90, wodwalayo akufunika mpweya wa m'botolo mosachedwa. Chodabwitsa cha COVID-19 chinali chakuti ena mpweya unkatsika chonchi iwo akulankhula ndi kuseka, osadziwa kuti ali pangozi. Zizindikiro zina zosafunika kudikira kuti kuche ndi milomo kusintha mtundu, kusokonezeka mutu kumene ndi "confusion", kulephera kudzuka, ndi kukomoka kwa mwana kumene ndi "fits" kapena "convulsions".

Zimene mlimi akuzidziwa kale

Pali gulu lina la mawu amene sanena za zowawa koma za mmene matenda amayendera, ndipo pamenepa mlimi ali patsogolo pa anthu a m'tauni. Aliyense amene anaonapo chideru chikulowa m'mudzi amadziwa tanthauzo la "contagious". Nkhuku imodzi yogula pa msika iyamba kusinza, kupuma mokoka ndi kupotoka khosi, pakutha sabata khola lonse lapululuka, kenako la oyandikana nawo. Chideru, chimene a zoweta amachitcha "Newcastle disease", nachonso chimayamba ndi "virus". Matenda opatsirana mwa kukhalirana pafupi ndiwo "contagious". Liwu lofanana nalo ndi "infectious", koma limeneli n'lotakata, limanena za matenda alionse oyamba ndi tizilombo tolowa m'thupi. Malungo ndi "infectious" koma si "contagious", pakuti simungawatenge mwa kudya mbale imodzi ndi wodwala, pamafunika udzudzu pakati. Fuluwenza ndi COVID-19 zimayenda mu timadontho ta malovu totuluka potsokomola, poyetsemula ndi polankhula, timene ndi "droplets", ndipo tina tochepetsetsa timatsala tikuyandama m'chipinda chosapita mphepo. Ichi ndicho chifukwa chake kutsegula mazenera kumathandiza ngakhale m'chisanu.

"Incubation" nalo ndi liwu la kukhola. Thadzi likafungatira mazira, masiku 21 amatha kunja kusakuoneka kanthu, koma m'kati mwanapiye akukula. A zaumoyo anabwereka chithunzi chomwechi. "Incubation period" ndi masiku a pakati pa kutenga kachirombo ndi kuyamba kudwala. Pa fuluwenza amakhala tsiku limodzi mpaka masiku anayi, pa COVID-19 masiku awiri mpaka 14. Ena amatenga kachirombo koma osadwala konse, ndipo amenewa ndi "asymptomatic", kutanthauza opanda "symptoms", zimene ndi zizindikiro zomwe wodwala amazimva. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu wooneka wathanzi angathe kupatsira agogo ake osadziwa.

Mawu awiri akuti "quarantine" ndi "isolation" anasokoneza anthu ambiri mu 2020, chonsecho kukhola timachita zonse ziwiri. Mukagula mbuzi kutali, mumayamba mwaisunga payokha kwa masabata angapo ngakhale ikuoneka yabwino, kuti muone ngati yabwera ndi matenda. Imeneyo ndi "quarantine", ya amene sanadwale koma anakhala pafupi ndi matenda. Liwuli linachokera ku Italy, kumene kale zombo zinkaimitsidwa masiku 40 zisanatsitse anthu. Koma nkhumba ikadwala n'kuichotsa pakati pa zinzake, imeneyo ndi "isolation", ya amene wadwala kale. Ndipo "variant", liwu limene tinkalimva potchula Delta ndi Omicron, lili ngati mitundu ya chimanga: chonse ndi chimanga, koma china chimacha msanga, china chimapirira chilala.

Liwu lakuti "virus" lifunika kulisamala. Ife "virus" ndi "bacteria" zonse timati tizilombo, koma n'zosiyana, ndipo kusiyana kwake kumakhudza thumba lathu. Mankhwala otchedwa "antibiotics", monga amoxicillin, amapha "bacteria" koma sachita kanthu pa "virus". Namwino akakuuzani kuti "it is viral" n'kukupatsani Panadol yekha, nati muzikamwa madzi ambiri ndi kupumula, sanakumaneni mankhwala. Ambiri timatuluka tikung'ung'udza kuti sanatipatse makapisozi kapena jekeseni, n'kukagula tokha. Kumeneko ndi kutaya ndalama, ndiponso kumazoloweretsa tizilombo mankhwala, kotero kuti tsiku limene adzafunikedi sadzagwiranso ntchito.

Palinso china chokhudza ulemu wa munthu. Kwa zaka zambiri, liwu lakuti kachirombo likanenedwa lokha anthu amamva HIV, ndipo n'chimodzimodzi ndi liwu lakuti "positive". Koma "positive" amangotanthauza kuti chimene chimafufuzidwa chapezeka, ndipo "negative" kuti sichinapezeke, kaya ndi malungo, kaya TB, kaya COVID-19, kaya pakati. Kusukulu anatiphunzitsa kuti "positive" ndi zabwino, koma kuchipatala nthawi zambiri "negative" ndiye nkhani yokondweretsa. Mukamamasulira zotsatira za mnzanu kwa achibale ake, tchulani dzina la matendawo mokwanira. Kungoti wapezeka nako kachirombo kungathe kuyambitsa mphekesera imene idzamutsata munthuyo zaka zambiri.

Liti, ndiponso inde kapena ayi

Dzina la chizindikiro ndi theka chabe la zimene namwino akufuna. Theka linalo ndi nthawi. Kutentha thupi kwa tsiku limodzi ndi kwa masiku asanu ndi nkhani ziwiri zosiyana. Mawu atatu amakwanira. "For" amatsogolera kuchuluka kwa masiku, monga "for three days". "Since" amatsogolera tsiku limene zinayamba, monga "since Monday". "Ago" amabwera pambuyo, monga "it started two days ago", kutanthauza kuti zinayamba dzana. Pewani "long time" ndi mnzake wa kwathu uja wakuti kalekale, chifukwa kwa wina ndi sabata, kwa wina ndi chaka. Pewaninso liwu la m'tauni lakuti mailo, limene limatanthauza dzulo ndi mawa lomwe. Nenaninso ngati zikukulirakulira, "it is getting worse", kapena zikuchepa, "it is getting better". Ngati muli ndi shuga, BP, mphumu, kapena mukumwa ma ARV, kapena ndinu oyembekezera, zitchuleni poyamba pomwe. Zimenezi ndi zimene amati "underlying conditions", ndipo zimasintha mmene namwino akuonerani.

Msampha wotsiriza ndi wa ulemu wathu womwe. Namwino akati "how are you?" pakamwa pamathamanga kunena "fine", monga tinaleredwera, ngakhale munthu wabwera atanyamulidwa pa njinga. Moni ayankhidwe ndithu, koma pomwepo tipitirize kunena chimene chatibweretsa. Choposa apa ndi mafunso okana. M'Chichewa wina akafunsa kuti "Simukutsokomola?" ife timati "Inde", kuvomereza kuti sitikutsokomoladi. M'Chingerezi funso lomwelo, "You are not coughing?", woyankha amene sakutsokomola amati "No", ndipo "Yes" amamveka ngati akutsokomola. Namwino wokulira muno angathe kukumvani mwa njira yathu, wochokera kunja adzakumvani mwa njira yake, ndipo palibe amene adziwe kuti pepala lalembedwa zosemphana. Njira yotetezeka ndi kusayankha ndi liwu limodzi. Nenani chiganizo chonse: "I am coughing" kapena "I am not coughing".

Mmene tingawaphunzirire

Mawu oloweza pawokha amathawa m'mutu munthu akadwala, pakuti mantha ndi ululu zimaiwalitsa. Amene amakhalitsa ndi ziganizo zathunthu zimene pakamwa panazolowera. Sungani tsamba limodzi kumapeto kwa kope lanu la maphunziro a ulimi, muzilembamo ziganizo ziwiri kapena zitatu pa sabata, ndipo muzizinena mokweza. Madzulo mukatha kudya, khalani awiriawiri, wina akhale namwino wina wodwala, kenako musinthane. Ana a sukulu amakondwa kwambiri kukhala anamwino a makolo awo, ndipo nawonso amaphunzirapo mawu a kwathu amene akuyamba kuwaiwala. Mukakhala pa mzere ku kiliniki, werengani zikwangwani za pakhoma, ndipo liwu limene lakuvutani mufunse. Safunsa anadya phula.

Ndinene poyera kuti palibe lamulo lakuti wodwala alankhule Chingerezi. Ngati namwino akumva bwino Chichewa, lankhulani Chichewa, pakuti munthu amafotokoza bwino ululu wake m'chilankhulo chimene anayamwa. Ngati simukumvana, pemphani womasulira, kapena lozani ndi dzanja pamene pakuwawa. Kusakaniza zilankhulo nakonso si mlandu. Ndipo namwino akalankhula mofulumira, chiganizo chakuti "please say it again slowly" n'chabwino kuposa kugwedeza mutu mwaulemu n'kukamwa mankhwala molakwika kunyumba. Pa botolo, "three times a day" ndi katatu pa tsiku, osati mapiritsi atatu nthawi imodzi, ndipo "take" ndiye kumwa.

Bambo amene wabwera ndi mwana wake wa zaka ziwiri angathe kunena zonse zofunika m'ziganizo zinayi zokha: "My child has had a fever and a cough for three days. Since last night she is breathing fast. She is not eating. It is getting worse." M'mawu amenewa namwino wamva kuti thupi latentha, chifuwa chatha masiku atatu, kupuma kwasintha kuyambira usiku wathawu, mwana sakudya, ndipo zinthu zikuipiraipira. Chotsatira ndi kumuvula malaya mwanayo ndi kuyamba kuwerenga mmene akupumira.